Yang Guifei ndi Mfumu Xuanzong: Mafunso ndi Mayankho

Ku China nkhani ya Yang Guifei ndi yodziwika kwa aliyense. Ana amailoweza kusukulu kudzera m'ndakatulo, a zisudzo amaisewera, ndipo pali mtundu wa chipatso umene dzina lake limakumbutsa kumwetulira kwa mayiyu. Ena amaikamba ngati nkhani ya chikondi chosatha, ena ngati chenjezo lakuti mkazi wokongola akhoza kugwetsa dziko. Ine ndikaiwerenga ndimaonamo mtsikana amene anachotsedwa pabanja pake mosafunsidwa, n'kudzafera milandu ya amuna amene anali ndi mphamvu zonse m'manja mwawo. M'munsimu muli mafunso amene anthu amakonda kufunsa akamva nkhaniyi koyamba.

Kodi Yang Guifei anali ndani?

Dzina lake lobadwa nalo ndi Yang Yuhuan. Anabadwa mu 719, m'nthawi ya mafumu a Tang amene analamulira China kuyambira 618 mpaka 907. Bambo ake, Yang Xuanyan, anali ndi udindo wapakatikati m'boma ku Shu, dera limene lero limatchedwa Sichuan. Iwo anamwalira mwanayo akadali wamng'ono, choncho anakaleredwa ndi bambo ake aang'ono ku Luoyang, mzinda wachiwiri wa ufumuwo. Anakula ali katswiri pa kuimba, kuvina ndi kuliza pipa, choimbira cha zingwe zinayi.

Guifei ndi dzina la udindo. Unali mpando wapamwamba kwambiri pakati pa akazi a mfumu, wopambanidwa ndi wa mfumukazi yokha. Anaulandira mu 745 ali ndi zaka 26, pamene mfumuyo inali ndi zaka 60.

Nanga Xuanzong anali mfumu yotani asanakumane naye?

Anali mfumu yanzeru ndi yolimbikira, ndipo zimenezi n'zimene zimapangitsa mapeto ake kukhala owawa. Anabadwa mu 685, dzina lake Li Longji. Agogo ake aakazi anali Wu Zetian, mkazi yekhayo amene anakhalapo pampando wa mfumu yaikulu ya China m'dzina lake lake. Kukulira m'nyumba ya gogo ameneyo sikunali kwamasewera: amayi ake a Li Longji anaphedwa mu 693 gogoyo atalamula, ndipo mtembo wawo sunapezeke. Mnyamatayo anaphunzira msanga kuti pabwalo lachifumu wochedwa kukantha ndiye amakanthidwa. Mu 710 anatsogolera asilikali kukapha Mfumukazi Wei, mkazi wa bambo ake aakulu, mu 712 analowa ufumu, ndipo mu 713 anakakamiza azakhali ake, Taiping, kudzipha.

Zaka zotsatira, zimene zimatchedwa nyengo ya Kaiyuan (713 mpaka 741), anthu a ku China amazikumbukirabe ngati nthawi ya mwanaalirenji. Anasankha nduna zolimba mtima monga Yao Chong ndi Song Jing, nkhokwe za boma zinadzaza, kalembera wa mabanja anakonzedwanso. Likulu lake, Chang'an, kumene lero kuli mzinda wa Xi'an, linali ndi anthu pafupifupi miliyoni imodzi, kuphatikizapo amalonda ochokera ku Persia ndi ophunzira ochokera ku Japan ndi Korea. Mu 714 mfumuyi inatentha ngale ndi nsalu zamtengo wapatali pabwalo la nyumba yake pofuna kuonetsa kuti nthawi yosakaza chuma yatha.

Koma nkhanza zija sizinamuchoke. Mu 737, pomvera miseche ya mkazi wake wokondedwa, Wu Huifei, anaphetsa ana ake aamuna atatu tsiku limodzi, mmodzi mwa iwo ali wodzalowa ufumu. Apo n'kuti Yang Yuhuan asanalowe n'komwe m'nyumba yake. Chaka chimenechi muchisunge, chidzafunika kutsogoloku.

Ndi zoona kuti poyamba anali mkazi wa mwana wa mfumuyo?

Ndi zoona. Ali mtsikana wa zaka zosakwana 18 anakwatiwa ndi Li Mao, kalonga wa Shou, mwana wa Xuanzong amene anabereka ndi Wu Huifei yemwe uja. Choncho Xuanzong anali apongozi ake. Kwathu kuno mpongozi amapatukira kutchire akaona apongozi ake panjira, ndipo ku China wa nthawi imeneyo malire a ubale umenewu analinso opatulika chimodzimodzi. Zimene zinachitika zinali zamanyazi ngakhale pamaso pa anthu a m'masiku amenewo, n'chifukwa chake zinachitika mozungulira.

Wu Huifei atamwalira kumapeto kwa 737, mfumu inakhala yachisoni, yosakondwa ndi mkazi aliyense mwa akazi zikwizikwi a m'nyumba yake. Wina anaitsina khutu za kukongola kwa mkazi wa Li Mao. Itamuona, inakonza njira. Mtsikanayo anauzidwa kuti apemphe yekha, ngati kuti ndi maganizo ake, kusiya banja n'kudzipereka ku chipembedzo cha Tao, pa chifukwa chakuti azipempherera mzimu wa amayi ake a mfumu. Anapatsidwa dzina latsopano lakuti Taizhen, ndipo malo ake opemphereramo anali mkati mwa nyumba yachifumu. Patapita zaka zingapo, mu 745, mfumu inapezera Li Mao mkazi wina, mwana wa mkulu wa asilikali Wei Zhaoxun, ndipo mwezi wotsatira inalengeza Taizhen kukhala Guifei.

Mfundo yakuti anachita kuuzidwa kuti apemphe yekha inalembedwa ndi olemba mbiri a ku China eni ake. Mtsikana wa zaka 21, wamasiye, akauzidwa chinthu ndi munthu amene wangopha ana ake atatu, kukana kukanachokera pati? Li Mao nayenso anakhala chete, ndipo kukhala chete kumeneko n'kumene kunamusunga ndi moyo mpaka 775.

Ngati ankamukonda chotero, bwanji sanamuike kukhala mfumukazi?

Xuanzong anachotsa Mfumukazi Wang pampando mu 724 ndipo sanaikeponso wina mpaka imfa yake. Pa za Yang, akatswiri amatchula zifukwa zitatu: mbiri ya ukwati wake woyamba ikanadzutsa mkangano pakati pa nduna, iye sanabereke mwana ndi mfumu, ndipo wodzalowa ufumu, Li Heng, anali atasankhidwa kale mu 738. Komabe m'nyumba yachifumu ankapatsidwa ulemu wonse wa mfumukazi. Akakwera kavalo, wogwira chingwe anali Gao Lishi, mdindo wofulidwa wamphamvu kuposa onse, amene ngakhale akalonga ankamuopa. Oluka ndi opeta nsalu za silika 700 ankagwirira ntchito iye yekha. Iyi ndi mfumu yomwe ija inatentha nsalu mu 714.

Chinaikopa mfumu n'chiyani, nkhope basi?

Akazi okongola anali mbwee m'nyumba imeneyo. Chimene chinawalumikiza awiriwa kwambiri chinali nyimbo. Xuanzong anali woimba weniweni: ankapeka nyimbo, ankaimba ng'oma ya jiegu mwaluso, ndipo anakhazikitsa sukulu ya oimba m'munda wina wa nyumba yachifumu wotchedwa Liyuan, kumene ankaphunzitsa yekha oimba mazanamazana n'kumawadzudzula akaphonya. Mpaka lero ochita zisudzo zachikhalidwe ku China amatchedwa ana a Liyuan. Yang anali munthu amene akanatha kumva chimene mfumu ikufuna m'nyimbo n'kuchivina pomwepo. Gule wotchuka wa Nishang Yuyi, amene nyimbo yake amati inakonzedwa ndi mfumuyo, amakumbukiridwa limodzi ndi dzina lake. Olemba mbiri amanenanso kuti anali wochenjera, wodziwa kuwerenga nkhope ya mfumu isanayankhule.

Pafupifupi chaka chilichonse nyengo yozizira ikafika, awiriwa ankasamukira ku Huaqing, kumene kuli akasupe a madzi otentha m'tsinde mwa phiri la Li, n'kukhala kumeneko miyezi. Ntchito za boma zinkatsalira nduna yaikulu.

Amati anali wonenepa. Ndi zoona?

Ku China pali mwambi womuyerekeza ndi Zhao Feiyan, mfumukazi yowonda ya nthawi ya Han, wotanthauza kuti wina wojintcha, wina wowonda, koma onse okongola. Zithunzi ndi zidole zadothi za m'zaka zimenezo zimaonetsadi akazi a masaya odzaza ndi matupi athanzi, chifukwa ndiko kunali kukongola kwa nthawiyo. Ojambula a m'mibadwo yotsatira anawonjezera thupilo monga ankafunira. Musaiwale kuti anali wovina magule ofuna liwiro.

Nanga nkhani ya zipatso zonyamulidwa pa akavalo?

Yang ankakonda lychee, kachipatso ka khungu lofiira lokhakhala, koyera ndi kotsekemera mkati, kamene kamamera kumadera otentha a kummwera. Vuto lake n'lakuti kakathyoledwa sikachedwa: pakangopita masiku awiri kapena atatu mtundu, fungo ndi kukoma zimasintha. Ndiye mfumu inalamula kuti zipatsozi zizithamangitsidwa pa akavalo a amtengatenga a boma, aja osinthana pa siteshoni iliyonse, amene ntchito yawo inali kunyamula mauthenga ofulumira a boma ndi a nkhondo. Mabuku ena amati zinkachokera ku Lingnan, kumene kuli Guangdong, ulendo wopitirira makilomita 1,500. Ena amati zinkachokera ku Fuzhou wa kufupi ndi Chongqing, kumene ndi pafupiko.

Mlakatuli Du Mu, amene anabadwa patapita zaka pafupifupi 50 Yang atamwalira, analemba za wokwera pa kavalo akutulukira m'fumbi, Guifei akumwetulira, anthu osadziwa kuti katundu wake ndi zipatso chabe. Mtundu wa lychee wotchedwa Feizixiao, kutanthauza kumwetulira kwa mkazi wa mfumu, unatenga dzina pa mzere umenewo. Nkhaniyi imanenedwa pofuna kumutsutsa mkaziyo, koma wokhala ndi mphamvu yolamula akavalo a boma anali mmodzi yekha.

Kodi ankakangana?

Kwambiri, ndipo apa m'pamene timamuona ngati munthu osati chithunzi. Kawiri konse mfumu inamuthamangitsa m'nyumba yachifumu. Koyamba munali mu 746, chifukwa cha nsanje ndi kuyankha mwamwano. Anamutumiza kwa achibale ake m'mawa, koma pofika masana mfumu inali isanadye kanthu, ikungokwapula antchito pa zifukwa zosamveka. Gao Lishi, amene ankaidziwa mfumuyo ngati chikhatho chake, anapempha kuti atumize katundu wa Guifei kumene anali. Mfumu inavomera n'kuwonjezerapo chakudya cha patebulo pake. Usiku womwewo zipata zinatsegulidwa, mayiyo anabwerera.

Kachiwiri munali mu 750. Nthawi imeneyi mfumu itatumiza mthenga ndi chakudya, Yang analira, nadula tsitsi lake pang'ono n'kumupatsa mthengayo. Uthenga wake unali wakuti golide ndi miyala yonse imene ali nayo anachita kupatsidwa ndi mfumu, ndipo chake chenicheni, chochokera kwa makolo ake, ndi tsitsi lokhalo. Kwa anthu amene ankakhulupirira kuti thupi ndi tsitsi n'zopatsidwa ndi makolo ndipo siziyenera kuonongedwa, uku kunali kutsanzika kwa munthu wokonzeka kufa. Mfumu inachita mantha n'kumuitanitsa nthawi yomweyo.

Abale ake anapindula bwanji?

Apa palibe chobisa, banja la Yang linadya mopanda manyazi. Azichemwali ake atatu anapatsidwa maudindo mu 748, n'kumatchedwa Dona wa Han, Dona wa Guo ndi Dona wa Qin. Ankalowa ndi kutuluka m'nyumba yachifumu mmene afunira, ankalandira ziphuphu kwa ofuna maudindo, ndipo ankapikisana kumanga nyumba, wina akaona ya mnzake yaposa, n'kugumula yake kuyambanso. Popita ku Huaqing, nyumba iliyonse ya a Yang inkavala mtundu wakewake wa zovala, gulu lonse n'kumaoneka ngati maluwa pamsewu. Anthu wamba anayamba kuimba kuti masiku ano kubereka mwana wamkazi n'kopambana kubereka wamwamuna.

Woopsa pa onsewa anali mbale wake wa patali, Yang Zhao, amene paunyamata wake ankadziwika ndi mowa ndi njuga. Anali wakuthwa pa masamu a chuma, ndipo mfumu inamukonda mpaka kumupatsa dzina latsopano lakuti Guozhong. Nduna yaikulu Li Linfu itamwalira kumayambiriro kwa 753, Yang Guozhong ndiye analowa m'malo, ali ndi maudindo ena oposa 40 m'manja. Nkhondo zolimbana ndi ufumu wa Nanzhao kummwera chakumadzulo, mu 751 ndi 754, zinapha asilikali a Tang zikwi makumimakumi, koma iye ankauza mfumu kuti apambana. Anyamata ankagwidwa mokakamiza kupita kunkhondo imeneyo. Chidani chimene anthu anali nacho pa dzina la Yang chinachokera kwenikweni kwa munthu ameneyu.

An Lushan ndi ndani, ndipo ubale wake ndi Guifei unali wotani?

Anali mkulu wa asilikali wa kumalire a kumpoto chakummawa, wobadwa kwa bambo wa mtundu wa Sogdia ndi mayi wa mtundu wa Turk. Anali wonenepa zedi, wodziwa zilankhulo zingapo, ndi wodziwa kudzichepetsa ngati chitsiru pamaso pa mfumu. Pofika 751 ankalamulira zigawo zitatu za asilikali nthawi imodzi: Fanyang, Pinglu ndi Hedong.

Anapempha kukhala mwana wolera wa Guifei ngakhale anali wamkulu kwa iye ndi zaka pafupifupi 16. Akalowa ankayamba kugwadira mkaziyo asanagwadire mfumu, ponena kuti kwawo amalemekeza mayi poyamba. Mu 751, patapita masiku atatu chichitikireni phwando la tsiku lake lobadwa, akazi a m'nyumba yachifumu anamukulunga m'nsalu yaikulu ngati khanda n'kumamunyamula, potsanzira mwambo wosambitsa mwana wakhanda. Mfumu inaseka n'kupereka mphatso.

Mphekesera zakuti awiriwa anali pachibwenzi zinalowa m'buku la mbiri la Sima Guang, limene linamalizidwa mu 1084, patadutsa zaka zoposa 300. Akatswiri ambiri a lero amazikayikira, ndipo ine ndikugwirizana nawo. Mkazi wa udindo umenewo sankakhala yekha ngakhale ola limodzi, ndipo mkazi akaphedwa pa mlandu wa dziko, nkhani zoti anali wachiwerewere sizichedwa kumutsatira.

Nkhondo inayamba bwanji?

An Lushan ankamuopa Li Linfu, koma Yang Guozhong ankamuona ngati wopanda pake. Guozhong nayenso tsiku ndi tsiku ankauza mfumu kuti An Lushan aukira, ndipo pofuna kutsimikiza mawu ake anatumiza anthu kukafufuza nyumba yake ya ku Chang'an n'kupha ena mwa anthu ake. Mu Disembala 755 An Lushan ananyamuka ku Fanyang, pafupi ndi Beijing wa lero, ndi asilikali pafupifupi 150,000, akunena kuti akukachotsa nduna yoipa. Mkati mwa dzikolo munali mtendere kwa zaka zambiri, ndipo zida m'nkhokwe zinali zitachita dzimbiri. Luoyang anagwa pasanathe miyezi iwiri, ndipo An Lushan anadzitcha mfumu ya ufumu watsopano wa Yan.

Chang'an ankatetezedwa ndi mpata wa Tong, njira yopapatiza pakati pa mapiri ndi mtsinje wa Huang He. Kumeneko Xuanzong anachita zinthu ziwiri zomwe zinamudyera ufumu. Anaphetsa akuluakulu a asilikali odziwa ntchito, Gao Xianzhi ndi Feng Changqing, pomvera mdindo wina. Kenako, Guozhong akumukankha, analamula wolowa m'malo mwawo, Geshu Han, kutuluka pamalo otetezekawo kukamenyana pabwalo. Geshu Han anatuluka akulira. Gulu lake linaphwasulidwa, ndipo njira ya ku likulu inatseguka.

Chinachitika n'chiyani kwenikweni ku Mawei?

M'bandakucha wa pa 14 Julayi 756 mfumu inatuluka mu Chang'an mozemba, ndi Guifei, azichemwali ake, Guozhong, ana ndi zidzukulu zochepa, ndi asilikali olondera otsogozedwa ndi Chen Xuanli. Achibale ambiri achifumu okhala kunja kwa mpanda anasiyidwa osauzidwa. Cholinga chinali kukafika ku Sichuan, kumene Guozhong anali ndi anthu ake.

Pofika ku Xianyang anapeza akuluakulu a boma a kumeneko atathawa. Dzuwa linafika pamutu mfumu isanalawe kanthu, mpaka Guozhong anakaigulira timikate pamsika. Anthu a m'midzi anabweretsa mpunga wosakonola bwino wosakaniza ndi tirigu ndi nyemba, zidzukulu za mfumu n'kumalimbirana ndi manja, chakudya n'kutha zisanakhute. Mkulu wina wa m'mudzimo, Guo Congjin, anayandikira nauza mfumu maso ndi maso kuti za An Lushan anthu ankazidziwa kalekale, koma opita kukanena ankaphedwa, ndipo kuti zinthu zikanapanda kufika pamenepa munthu ngati iye sakanaiona nkhope ya mfumu. Xuanzong anavomera kuti kulakwa kunali kwake.

Tsiku lotsatira, pa 15 Julayi, anafika pa siteshoni ya Mawei, makilomita pafupifupi 60 kumadzulo kwa likulu. Asilikali anali ndi njala, otopa, ndipo mabanja awo anali atatsala m'manja mwa adani. Akazembe oposa 20 ochokera ku Tibet anaimitsa kavalo wa Guozhong kudandaula za chakudya, ndipo wina pakati pa asilikali anafuula kuti nduna ikupangana ndi alendo. Anamuthamangitsa, kumupha, n'kubaya mutu wake pa mkondo. Mwana wake anaphedwanso, pamodzi ndi Dona wa Han.

Mfumu inatuluka ndi ndodo m'manja kukawauza kuti abalalike. Palibe anasuntha. Chen Xuanli anati popeza Guozhong anali woukira, sikoyenera kuti mbale wake Guifei apitirize kukhala pambali pa mfumu. Ikaola imodzi zaola zonse, ndiwo anali maganizo awo. Xuanzong analowa mkati n'kuima nthawi yaitali atatsamira ndodo, mutu uli pansi. Anafunsa kuti mkazi wokhala mkati mwa mpanda akanadziwa bwanji za chiwembu. Yankho la Gao Lishi ndi limene limandikhudza kwambiri m'nkhani yonseyi, chifukwa silinabise kanthu: Guifei alibedi mlandu, koma anthu amene apha mbale wake sangagone tulo iye akadali pambali panu, ndipo asilikali akakhala pamtendere inunso mukhala pamtendere.

Mfumu inalamula. Gao Lishi anamutengera Guifei ku kachisi wamng'ono wa Chibuda pamalopo ndipo anaphedwa pomangidwa pakhosi. Mtembo unagonekedwa pabwalo kuti Chen Xuanli ndi anzake auone. Atatsimikiza, anavula zida zawo, kugwada n'kupepesa. Guifei anali ndi zaka 37. Dona wa Guo, amene anathawa, anakafera ku Chencang.

Kodi mfumu ikanatha kumupulumutsa?

Mwina ayi. Ikanakana, n'kutheka kuti onse awiri akanafa tsiku lomwelo. Pali akatswiri amene amaona dzanja la Li Heng ndi mdindo wake Li Fuguo kuseri kwa chipwirikiticho, chifukwa Chen Xuanli anali atatumiza mawu kwa kalongayo Guozhong asanaphedwe. Koma kusankha kunalipo, ndipo mfumu inasankha moyo wake. Ndakatulo zimakonda kunena kuti inaphimba nkhope yosatha kuchitapo kanthu. Mabuku a mbiri amati inapereka lamulo.

Ndiye kodi Yang Guifei ndiye anagwetsa ufumu wa Tang?

Ayi. Choyamba, ufumuwo sunagwe nthawi imeneyo, unakhalapo zaka zina 150, ngakhale unali wolumala. Chachiwiri, tangoonani nthawi imene mizu ya tsokali inabzalidwa.

Mu 736 An Lushan anagonja pankhondo chifukwa chosamvera, ndipo nduna Zhang Jiuling inalangiza kuti aphedwe. Xuanzong anamukhululukira, ndipo chaka chomwecho anachotsa Zhang Jiuling paudindo. Li Linfu, amene anatseka pakamwa aliyense wodzudzula boma, anakhala nduna kuyambira 734. Ndi iyeyo analimbikitsa kuti zigawo za kumalire zizipatsidwa kwa akuluakulu a asilikali a mitundu ina, poganiza kuti anthu otere sangadzamulande mpando. Pofika 742 asilikali pafupifupi 490,000 anali kumalire pansi pa akuluakulu khumi okha, pakati pa dziko pali pululu. Ana atatu aja anaphedwa mu 737. Zambiri mwa zimenezi zinachitika Yang asanakhale Guifei.

Sindikunena kuti anali woyera ngati mkaka. Anasangalala ndi chuma chimene anthu anachikhetsera thukuta, ndipo abale ake anakwera chifukwa cha iye. Pali nthawi imodzi yolembedwa pamene analowerera nkhani za boma: nkhondo itangoyamba, mfumu inaganiza zosiyira Li Heng ulamuliro, ndipo Guozhong, poopa kalongayo, anatuma azichemwali aja kwa Guifei, amene anachonderera mpaka mfumu inasintha maganizo. Chimenecho ndi cholakwa chenicheni. Koma iye sanasankhe nduna, sanapatse munthu mmodzi zigawo zitatu, sanalamule Geshu Han kutuluka pa mpata wa Tong. Agogo ake a mfumuyo, Wu Zetian, ndi Mfumukazi Wei ankafunadi ulamuliro. Yang sanaonetse njala imeneyo.

Olemba mbiri a ku China anali ndi chizolowezi chakale chopezera mfumu iliyonse yolephera mkazi womuloza chala: Daji kwa mfumu yomaliza ya Shang, Bao Si kwa Mfumu You ya Zhou. Kudzudzula mfumu kunali koopsa, kudzudzula mkazi wakufa kunalibe mtengo. Koma mutu ukakula sulewa nkhonya. Munthu amene analamulira zaka 44 n'kutamandidwa pa zabwino za Kaiyuan ayeneranso kusenza za 755.

Nkhondoyo inatha bwanji, ndipo inaononga zotani?

An Lushan anaphedwa ndi anthu a mwana wake, An Qingxu, kumayambiriro kwa 757, koma nkhondo inapitirira mpaka 763. A Tang analanditsa mizinda yawo mothandizidwa ndi asilikali a Uyghur, amene malipiro awo ena anali kufunkha Luoyang. Kalembera wa 755 anapeza anthu pafupifupi 53 miliyoni, wa 764 anapeza pafupifupi 17 miliyoni. Kusiyana kumeneku si imfa zokha, chifukwa ambiri anathawira kummwera ndipo boma linalibenso mphamvu yowerenga zigawo zonse, koma ofa anali ochuluka zedi. Anthu amenewa mayina awo sali m'ndakatulo iliyonse.

Xuanzong zinamuthera bwanji?

Atachoka ku Mawei anasiyana ndi Li Heng. Bambo analowera ku Chengdu, m'dera la Sichuan, mwana analowera kumpoto ku Lingwu, kumene mu Ogasiti 756 analengezedwa kukhala Mfumu Suzong bambo ake asanavomereze. Xuanzong anangomva zitachitika kale, navomera. Likulu litalanditsidwa kumapeto kwa 757 anabwerera ngati mfumu yopuma.

Anafuna kuika maliro a Guifei mwaulemu, koma analangizidwa kuti zimenezo ziopseza asilikali amene anamupha. Choncho anatuma adindo mwachinsinsi kukasamutsa mtembo. Anaupeza utaola, koma kathumba ka zonunkhira kamene anaikidwa nako kanali kadakalipo, ndipo atamubweretsera analira. Analamula kuti ajambule chithunzi chake n'kumakachiyang'ana.

Mu 760 Li Fuguo anamusamutsa mokakamiza kuchoka ku nyumba ya Xingqing imene ankaikonda. Gao Lishi anapirikitsidwira kutali kummwera, Chen Xuanli anapumitsidwa ntchito. Xuanzong anamwalira mu Meyi 762 ali ndi zaka 76, ndipo Suzong anamutsatira patangopita masiku 13.

Bwanji nanga nkhaniyi imadziwika ngati ya chikondi?

Chifukwa cha mlakatuli Bai Juyi. Mu 806, patatha zaka 50 chichitikireni za ku Mawei, analemba ndakatulo ya mizere 120 yotchedwa Chang Hen Ge, kutanthauza Nyimbo ya Chisoni Chosatha. M'menemo za Li Mao mulibe: mtsikanayo akuoneka ngati wochokera m'nyumba ya makolo ake molunjika. Gawo lalikulu ndi la chisoni cha mfumu ndi la wansembe wa Tao amene akukafunafuna mzimu wa mkaziyo. Ndakatuloyo inafalikira mpaka ku Japan, kumene inakhudza olemba a m'nyumba yachifumu ya ku Kyoto. Pambuyo pake kunabwera zisudzo, ndipo m'zaka za m'ma 1900 katswiri Mei Lanfang anatchuka posewera Guifei ataledzera ndi chisoni mfumu italephera kubwera. Lero amawerengedwa pakati pa akazi anayi okongola a mbiri ya China, pamodzi ndi Xi Shi, Wang Zhaojun ndi Diaochan.

Chikondicho sindikuchikana. Munthu amene anakana kudya chifukwa mkazi wachoka theka la tsiku ankamukondadi. Chimene ndimakana n'kuiwala mmene chinayambira ndi amene analamula pa mapeto.

Ena amati sanafe, anathawira ku Japan. Pali umboni?

Ndi nthano, ngakhale ili ndi okhulupirira ake. Pa kachisi wa Nison-in ku Nagato, m'chigawo cha Yamaguchi, pali manda amene anthu a kumeneko amati ndi ake, ponena kuti anafika pa bwato ali wodwala n'kumwalira posakhalitsa. Koma Chen Xuanli anali atatumikira mfumuyo zaka zoposa 40 ndipo nkhope ya Guifei ankaidziwa. Anthu amene moyo wawo unkadalira imfa yake sakanalandira mtembo wa wina.

Munthu akapita ku China lero angaone chiyani?

Ku Lintong, makilomita pafupifupi 30 kummawa kwa Xi'an, kuli Huaqing. Mu 1982 ofukula zakale anapezako maiwe osambiramo a nthawi ya Tang, ndipo limodzi laling'ono lamiyala, loumbidwa ngati duwa, limatchedwa la Guifei. Malowa ali panjira yopita kumene kuli asilikali adothi a mfumu yoyamba ya Qin, choncho alendo ambiri amaona zonse tsiku limodzi. Mkati mwa Xi'an, pamene panali nyumba ya Xingqing pano pali paki.

Manda ake ali ku Mawei, m'dera la Xingping. Kale atsikana ankatapako dothi pokhulupirira kuti akalisakaniza ndi zodzola limakongoletsa nkhope, ndipo mulu wa mandawo unkachepa chaka ndi chaka mpaka oyang'anira anauphimba ndi njerwa. M'makonde ozungulira muli miyala yolembedwa ndakatulo za alendo a mibadwo yosiyanasiyana, ena akumuimba mlandu, ena akumuikira kumbuyo.